Esinati Anabwerera ku Labu

Tsekani mabukuwo ana inu, magetsi sabweranso lero. Senderani kuno ku mbaula. Madzulo onse mwakhala mukulira kuti kemisitiri ndi ufiti, fizikisi ndi chilango. Chabwino, ndikuuzeni za anthu amene maphunziro amenewa ankawakonda, ndi zimene zinawaonekera. Sindinachite kumva kwa munthu, ndinalipo ndekha.

Sukulu yathu inali ya atsikana okhaokha, yogonera komweko, m'chigwa cha Bwanje momwe dothi lake ndi makande akuda bii. Labu inali kumapeto kwenikweni, kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo inali ndi khomo limodzi. Zipangizo zinali zochepa, choncho chilichonse tinkachita awiriawiri. Ine Malita mutu wanga unali wouma ngati chitsa, moti mu labu ndinkalowamo ngati ndikupita kokazula dzino. Koma panali awiri amene ankalowamo ngati kwawo, Tiyanjane Makwinja ndi Esinati Makuluni.

Awiriwa unali ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Tiyanjane anali mutu, Esinati anali manja. Mukuidziwa ntchito ija yodontheza asidi kuchokera mu byureti, kagalasi katali kokhala ndi kampopi kumunsi, mpaka pinki wa m'botolo atazimirira. Esinati ankatseka kampopi kaja pa dontho lenileni, osaphonya. Tiyanjane masamu ake ankamaliza ife tisanapeze n'komwe pensulo, koma akagwira kampopi manja ankamunjenjemera, asidi n'kupitirira. Onse awiri ankafuna udokotala. Vuto linali lakuti pa mayeso a pulakitiko a Fomu 4 aliyense amaima yekha, ndipo kwawo kwa Tiyanjane anali atanena kale kuti za kubwereza kalasi asazilote. Chaka chimenecho chinali chake chokhacho.

Mayeso atayandikira, Esinati anayamba kudandaula mutu. Anagona masiku angapo kwa a matironi, kenako malume ake anabwera kudzamutenga kupita naye kwawo ku Thyolo. Pokwera galimoto anatiuza moseka kuti tisamudyere chiponde chake. Kumeneko sanakhalitse. Anatisiya.

Ife sitinadziwe. Nthawi imeneyo mwana wa sukulu sankaloledwa foni, ndiye uthenga unafikira kwa a hedi, Mayi Nkhwazi. Aphunzitsi anakhala pansi n'kugwirizana zimene akuluakulu a kwathu kuno amachita mwana akakhala pa mayeso: kumubisira maliro mpaka amalize. Anatiuza kuti Esinati akupezako bwino. A Chimbalanga, mphunzitsi wathu wa sayansi, anapita kukaika maliro m'malo mwa sukulu, ife n'kutiuza kuti apita ku msonkhano. Zonsezi tinadzazimva pambuyo pake. Ankati akutichitira chifundo, makamaka Tiyanjane, ndipo sindikukana kuti mtima wawo unali wabwino.

Tiyanjane ndiye ankasunga kiyi wa labu. Mnzake atachoka, anayamba kupitako yekha tikangodya chakudya chamadzulo, kuti akazoloweretse manja aja pulepu, nthawi yathu yowerenga usiku, isanayambe. Masiku oyamba ankabwerako nkhope ili gwa, zala zitathimbirira ndi mankhwala. Ndiye tsiku lina analowa m'kalasi akumwetulira, n'kudzakhala pafupi ndi ine.

"Iwe Malita, Esinati wabwera."

"Wabwera liti? Ali kuti nanga?"

"Akadali wofooka. Akuti sakufuna phokoso la ku hositelo, akungobwera ku labu kudzandithandiza. Waonda, mnzanga, koma manja ndi omwe aja."

Tinasangalala tonse. Tinaganiza kuti akugona kwa a matironi monga kale, ndipo palibe anafunsa, poti a matironi athu ukawafunsa kanthu ankayamba akupatsa tsache. Bedi la Esinati ku hositelo linakhalabe choyala, sutikesi yake ili pansi pake.

Zinayamba ndi tinthu ting'onoting'ono. M'mawa tikalowa mu labu tinkapeza mipando iwiri itakokedwa pa tebulo lawo, mabika awiri, makapu agalasi oyezera mankhwala aja, atatsukidwa n'kuvundikiridwa, madzi akadali kudontha. Pamenepo panalibe chodabwitsa. Koma pansi pa mpando umodzi pankakhala dothi lofiira, katondo weniweni, pamene sukulu yonse ngakhale mutakumba mpaka kutopa simungapeze katondo. Wosesa akasesa, mawa lake lilipo. Kenako sikelo ya pa tebulo limenelo inayamba kukana kubwerera pa ziro. Pa matebulo ena inkagwira bwinobwino, koma ukaibweretsa pamenepo muvi unkapendekeka pang'ono, ngati wina waikapo chala. A Chimbalanga anati ndi chinyezi. Chinyezi m'mwezi wa Juni, ku Bwanje!

Ndipo panali chifuwa. Esinati anali ndi kakhosomoledwe kake, kawiri motsatizana, kouma. Tikamadutsa kuseri kwa thanki popita ku pulepu tinkakamva. Tinkamvanso mawu akuwerenga pang'onopang'ono, monga amachitira munthu powerenga kugwedezeka kwa pendulamu, kachitsulo kaja kolendewera pa ulusi. Mawuwo anali osasa, otsika, ndipo sanali a Tiyanjane.

Chimene chinatidabwitsa kwambiri n'chakuti manja a Tiyanjane anasiya kunjenjemera. Tsiku lina m'kalasi anatseka kampopi pa dontho lenileni, mpaka a Chimbalanga anaomba m'manja.

"Wachita bwino, Tiyanjane. Wakuphunzitsa ndani?"

"Esinati, aphunzitsi. Amandigwira dzanja chonchi. Akuti mumusungire byureti yake ija ya kampopi kofewa, asaitenge wina pa mayeso."

Choko chinawapulumuka m'manja. Munthu uja anali wamtali, wanthabwala, woti akaseka ankamveka mpaka ku khitchini. Tsiku limenelo ndinaona milomo yake ikuuma ndikuyang'ana.

"Wamuona liti Esinati?"

"Dzulo madzulo. Tsiku lililonse, aphunzitsi. Kodi sanabwere kudzakupatsani moni?"

A Chimbalanga anayang'ana mpando wa Esinati uja, anayang'ana pansi pake, kenako anakhala pa tebulo lawo n'kutiuza kuti tiwerenge tokha. Ife tinangoti mwina adya zosayenera.

Madzulo ake ndinati nane ndikamuone wodwalayo, asamati Malita alibe chisoni. Ndinakulunga mtedza wokazinga m'kapepala n'kulowera kuseri kwa thanki. Dzuwa linali litangolowa, kunja kukadali mbuu. Ndisanafike pakhomo ndinasuzumira pawindo. Tiyanjane anali ataima chondifulatira, dzanja limodzi lili ndi wotchi, lina lili ndi pensulo. Patsogolo pake pendulamu inali itakokeredwa kumbali, ulusi uli gwagwagwa, itaima m'malere. Kumbali imeneyo kabati inkanditchinga, koma ndinaona kansonga ka juzi yobiriwira ya sukulu. Tiyanjane anati, "Siya," ndipo kachitsulo kaja kanayamba kugwedezeka.

Ndinatsegula chitseko ndikufuula. "Odi achemwali a ku Thyolo! Kubwera osatipatsa moni, mwatibweretsera tiyi kapena manyazi?"

Munali Tiyanjane yekha. Pendulamu inkagwedezekabe.

"Wangotuluka kumene," anatero asakundiyang'ana, maso ali pa wotchi. "Simunakumane pakhomo?"

Khomo linali limodzi, ndipo ine ndinali nditaimapo. Pamene ndinkati ndiyankhe, kamphepo kozizira kanandidutsa paphewa, kakununkha dothi lonyowa ngati mvula yoyamba. Thupi lonse linachita tsemwe. Ndinasiya mtedza uja pa tebulo n'kubwerera osatembenuka, ndipo ku pulepu ndinakhala buku lili chotsegula osaona chilembo ndi chimodzi chomwe. Ndinadziuza kuti Esinati ndi wamanyazi, wabisala kuseri kwa kabati chifukwa cha kuonda. Munthu ukachita mantha umadzinamiza bwino kuposa wina aliyense.

Patapita masiku awiri kapena atatu, ananditumiza mabuku ku ofesi ya a hedi. Chitseko chinali chosatseka bwino, ndipo ndinamva a Chimbalanga akulankhula motsitsa mawu.

"Madamu, tiwauze anawa. Ine sindikugona."

"Tiwauze lero, mayeso ali pamphuno? Mukufuna kalasi yonse ilephere?"

"Koma mwanayo akuti akumuona. Dothi limene lili mu labu muja ine ndikulidziwa, madamu. Ndinaligwira ndi manja angawa."

"A Chimbalanga, inu ndinu wasayansi. Mwanayo wawerenga kwambiri, akulota ali maso. Mulandeni kiyi. Mayeso akatha tidzawakhazika pansi bwinobwino."

Mukudziwa chimene ine chitsiru ndinaganiza? Mutu wanga unangotola zoti "tiwauze" ndi "mayeso" basi, ndiye ndinathamangira ku hositelo ndi nkhani yoti a Chimbalanga ali ndi likasa, mafunso a mayeso obedwa, koma a hedi akuwakaniza. Atsikana anawazonda bambo aja sabata yonse, kuwanyamulira mabuku, kuwapukutira tebulo, iwo akungotiyang'ana ndi maso ofiira.

Kiyi uja a Chimbalanga anamulandadi Tiyanjane. Anaika loko wina watsopano, waukulu, kiyi wake n'kumayenda naye m'thumba. Koma madzulo Tiyanjane ankasowabe pa mzere wopita ku pulepu, ndipo kuseri kwa thanki kunkamvekabe kuwerenga kuja. Nditamufunsa kuti akulowa bwanji, anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Ndimapeza Esinati atatsegula kale."

Apa n'kuti atsikana ena atayamba kunong'onezana. Wina anati anapita dala kwa a matironi kukapempha mankhwala a m'mimba, ndipo m'chipinda cha odwala munalibe munthu. Wina anati agalu a alonda, amene ankagona pakhonde la labu chifukwa simenti yake inkafunda, anasamuka okha. Tinasiya kudutsa kuseri kwa thanki, tinkazungulira ku bwalo la mpira. Koma palibe anayerekeza kunena mawu amene tonse tinali nawo pakhosi. Tinkati aphunzitsi sangatinamize pa nkhani yotere. Ndipo Tiyanjane anali wosangalala, akudya bwino, akukhoza chilichonse. Ndani akanafuna kumudula mtima?

Tsiku la pulakitiko ya kemisitiri linafika. Kunacha kozizira, nkhungu itatsika m'mapiri. Tinalowa mu labu motsatira mayina, aliyense pa malo pake, zipangizo zake zili patsogolo. Makuluni ndi Makwinja anali moyandikana, ndiye pambali pa Tiyanjane panali malo opanda munthu, ndipo pamenepo panali byureti ija ya kampopi kofewa. A Chimbalanga anaiikapo okha. Sindidziwa ngati anatero chifukwa cha mantha kapena chisoni.

Lamulo linali lakuti mphunzitsi wathu akakonza zipangizo azituluka, ndipo woyang'anira mayeso azichokera ku sukulu ina. Anabwera bambo wina wonenepa, wa nkhope yofatsa, wooneka kuti ndi mkulu wa mpingo kwawo. M'mawa umenewo a hedi anali atamuuza ku ofesi kuti mwana mmodzi anamwalira. Chimene anaiwala kumuuza n'chakuti ife sitikudziwa.

Atangoti tiyambe kutembenuza mapepala, Tiyanjane anakweza dzanja.

"Pepani aphunzitsi, tadikirani pang'ono. Mnzanga wa apa akubwera."

Bambo aja anayang'ana malo aja, kenako anamuyang'ana iye mwachifundo.

"Mwana wanga, malo amenewo ndi a malemu aja. Ndamva kuti munali pa ubwenzi, pepa kwambiri. Ndipotu mwandikumbutsa. Tiyeni tonse tiimirire pang'ono, timukumbukire mnzathu Esinati tisanayambe."

Sindinamvepo chete wotere. Tinaimirira chifukwa tauzidwa kuimirira. Panja, pafupi ndi windo, china chake chagalasi chinagwa n'kusweka, ndipo tinamva a Chimbalanga akuti, "Mayo ine." Woyang'anira uja anali ataweramitsa mutu, maso ali chitsinzinire, osadziwa chimene wachita.

Ndiye mpando wa pa malo opanda munthu paja unakhulika pa simenti, kubwerera m'mbuyo, monga umachitira munthu akamaimirira. Tonse tinaumva. Amene tinali kumbuyo tinauona. Panamveka kachifuwa kaja, kamodzi kokha. Kenako chitseko, chimene woyang'anira anali atatseka yekha, chinatseguka pang'onopang'ono, ndipo timiyala ta panja tinalira ngati pakuyenda munthu wosavala nsapato, kulowera ku geti.

Tiyanjane sanakuwe. Anangoti, "Esinati," motsitsa, ngati akudzutsa munthu. Anatuluka mpaka pakhonde n'kuima, akuyang'ana m'nkhungu muja. Kenako anakhala pansi pa sitepe, manja ali pamiyendo.

Woyang'anira uja anazindikira mochedwa. Anatuluka, anamugwadira mwana wa sukulu, bambo wamkulu ndithu, akumupempha kuti alowe. A hedi anabwera akuthamanga, nsapato zili m'manja.

"Tiyanjane mwanangu, lowa ulembe. Tinachita zimenezi chifukwa cha iwe. Lowa, tikambirana ukamaliza."

Tiyanjane sanalowe. Manja ake anali akunjenjemera kuposa kale, moti sakanatha kugwira ngakhale kapu ya madzi. Nthawi ya mayeso siidikira maliro, ndiye ife tinauzidwa kuti tiyambe. Tinalemba misozi ikugwera m'mabika. Tikutuluka tinamupeza ali pomwe paja. Mawa lake inali fizikisi, ndipo anafika mpaka pa thanki, n'kubwerera. Tsiku lachitatu ananyamula sutikesi yake n'kupita kwawo.

Kuyambira tsiku limenelo mu labu simunamvekenso kanthu. Agalu anabwerera pakhonde. A hedi anatisonkhanitsa n'kupepesa akulira, ndipo ndikhulupirira kuti misozi yawo inali yoona, koma madzi akatayika saoleka. Chaka chimenecho kalasi yathu inalephera sayansi kuposa makalasi onse a m'mbuyo, chinthu chomwecho chimene ankachiopa. A Chimbalanga anapempha kusamutsidwa chaka chisanathe. Ine wa mutu wa chitsa ndinadutsa mwa mwayi, ndipo taonani lero ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala, ndikuyeza magazi a anthu. Tsiku lililonse ndikavala chovala choyera chija mtima umandiwawa, chifukwa ndimadziwa amene chinkamuyenera.

Tiyanjane ndinadzamuonanso patapita zaka zambiri. Basi yathu inaima pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Ntcheu, ndipo mwa amayi ogulitsa mbatata ya kachewere ndinaona nkhope yoti ndikuidziwa. Ndinatsika, basi n'kundisiya. Musaganize kuti anapenga, ayi. Ali bwinobwino, ali pabanja, ana ake ndi aulemu, ndipo masamu a pa msika amawachitabe wogula asanatsegule chikwama. Anandiyalira chiguduli, tinakhala pansi, tinafunsana za ana ndi za matenda. Kenako ine ndi pakamwa pangapa ndinalephera kudzigwira.

"Mnzanga, akanatiuza nthawi yomwe ija, bwenzi utalira n'kutonthola, mayeso n'kulemba. Bwenzi pano uli dokotala. Ine zimandipweteka mpaka lero."

Anatola mbatata imodzi, n'kuyamba kuichotsa dothi ndi chala.

"Udokotala unandipweteka zaka zingapo, kenako unapola," anatero. "Chimene sichipola ndi china, Malita. A hedi ndinawakhululukira kalekale, chifukwa ine ndinachitanso zomwezo."

"Iwe unachita chiyani?"

"Madzulo aliwonse tikamaliza, ndikutsuka mabika, iye ankaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, 'Tiya, ndili ndi mawu.' Madzulo aliwonse. Ndipo ine, mutu uli pa mayeso, ndinkamuyankha kuti, 'Sunga mawu akowo, udzandiuza tikamaliza kulemba.'"

Anaika mbatata ija pa mulu, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Anachoka kutali konse kuja kudzanditsanzika, Malita. Ine ndinangomubwereka manja."